Mapazi a Rozita ndi Mlandu Wanga

Tinanyamuka kwathu ku Chiuta dzuwa likutuluka kupita kuchipatala, pa mota ziwiri, njinga zamoto zija: ine, mkazi wanga Rozita yemwe anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi itatu, ndi amayi ake, omwe ankandiyang'ana ngati mbuzi yogwidwa m'munda. Mapazi a Rozita anali atatupa mpaka patapata osalowa, mutu ukumuwawa, m'maso akuona tinyenyezi. Kwa apongozi matendawa anali odziwika kale: mdulo. Mwamuna wogulitsa nsomba zouma ngati ine, wogona m'misika, ayenera kuti anayenda njira zina. Apongoziwo anabwera kudzadwazika, komanso kudzamva ine ndikuulula.

Ku Entre Lagos tinatsika titafiira ndi fumbi. Pafupi ndi siteshoni ndinagula nthochi, n'kupatsa Rozita, iye n'kupatsira amayi ake. Ndiwo ulemu wathu: chikwatirire sindinalandirepo kanthu m'manja mwawo, ngakhale kukhala nawo mphasa imodzi.

Ulemuwo unathera mu shapa, minibasi yopita ku Mecanhelas. Wotolera ndalama anatilipiritsa mametikali zana aliyense n'kutipanikiza pampando umodzi, bondo langa likugunda la apongozi pa dzenje lililonse. Iwo anayang'ana pawindo, ine kudenga.

"Ndi mapasa amenewo," anatero mayi wina wonyamula nkhuku, akuloza mapazi a Rozita.

"Mapasa a chiyani?" anayankha apongozi. "Afunseni amalondawa kumene amagona."

Shapa yonse inaseka, inenso ndinaseka nawo, mpaka Rozita anandigwira dzanja n'kunena kuti sakuona bwino. Pamenepo ndinachita mantha enieni.

Masana tinafika kuchipatala ku Mecanhelas. Namwino atamuyeza Rozita mkodzo ndi tensau, kuthamanga kwa magazi, nkhope yake inasintha.

"Muwauze aulule, mwana wanga achire," anatero apongozi.

"Mayi, aulule asaulule, magazi sasiya kuthamanga," anatero namwinoyo. "Vuto lili pa nsengwa, imene mwana amadyera m'mimba. Sinamere bwino, yatupa, ndipo chitetezo cha m'thupi chikulimbana nayo ngati mdani. Tikachedwa akomoka, tingataye onse awiri."

Anamubaya jakisoni n'kumukweza ambulansi ya ku Cuamba. Malo a womudikirira anali amodzi, ndipo za uchembere si za amuna. Apongozi anakwera, ine ndinatsala ndi chikwama ndi nthochi zitatu.

Ndinatsatira pa galimoto ya chimanga, nditakhala pamwamba pa matumba. Woyendetsa ankaima paliponse kupatsa moni abale ake, ndipo abale anali nawo ambiri. Njira yonse ndinkangoganiza kuti ndikapeza ndani wamoyo.

Nditafika ku Cuamba, ndinawaona apongozi ali pakhonde la chipatala, atafunda nsalu ya kapulana.

"Amung'amba," anatero. "Mwana ndi wamkazi, kakang'ono ngati botolo, koma kakulira. Rozita wadzuka, akukufunsani."

Ndinakhala pansi pomwepo, pafupi nawo, osakumbuka za ulemu. Ndinaphunzira tsiku limenelo kuti mapazi akatupa, mlandu ungadikire koma ulendo ayi. Tikanayamba ndi kukambirana kumudzi, tikanaika maliro.

Apongozi anatenga nthochi imodzi m'chikwama, anaisenda, n'kuiika m'manja mwanga.

"Idyani, bambo a mwana," anatero. "Koma kumisikako muzibwerako msanga."