Alamu Anga a Kumochale

Alamu anga, amuna a achemwali anga aakulu, anthu ankawatcha a Ndasiya. Dzinali linachokera pa yankho lawo. Ukakumana nawo pamsewu n'kuwafunsa kuti kuntchito kuli bwanji, ankakanda chibwano n'kunena kuti, "Kujaku? Ndasiya."

Anayamba ndi kuyeza misomali pasikelo m'sitolo ya zitsulo. Anakhalako kondakitala wa minibasi, koma ankati kukuwa tsiku lonse kunkawawawitsa mutu. Anaphunzira kuwotcherera, maso anatupa, anabwerako. Ulonda ndi umene anakhalitsako pang'ono chifukwa kunalibe wowayankhulitsa. Sanali aulesi ayi. Ankadzuka m'mamawa, nsapato zopolisha bwino, ndipo palibe bwana amene anawachotsapo ntchito. Kungoti ntchito iliyonse inkawakhala ngati malaya obwereka.

"Alamu, kodi mukufuna chiyani kwenikweni?" ndinawafunsa tsiku lina titakhala pakhonde.

"Ndikanadziwa bwenzi ndili komweko, mlamu. Ndimangoona kuti pamene ndaimapo, wina aliyense akhoza kuimapo, palibe angazindikire kuti ndachoka."

Achemwali anayankhira m'khitchini kuti, "Anawa sadya maganizo anuwo."

A Ndasiya anali ndi mlongo mmodzi yekha, wamng'ono kwa iwo, woluka tsitsi. Anali ndi kasaluni kamatabwa pafupi ndi msika, ndipo mutu wake unali chikwangwani cha ntchito yake, sunkapezeka wosapesa. Tsiku lina anatseka saluni n'kupita kukagula mafuta a tsitsi, osabweranso. Tinamufuna kwa anzake, kupolisi, m'mawodi onse a chipatala. Patapita masiku, namwino wina anatiuza motsitsa mawu kuti tikayang'ane kumochale, kumene amasungira mitembo. Anati kunabwera mayi wogundidwa ndi lole, wopanda chitupa.

Alamu ndinawaperekeza ndine. Inali nyumba yaing'ono kuseri kwa chipatala, pafupi ndi ng'anjo yowotchera zinyalala. Mafiriji anali atadzaza, ndiye mitembo ina anangoigoneka pasimenti. Wantchito wa mmenemo ankamvera mpira pawailesi. Sanadzuke pampando, anangoloza ndi phazi.

"Onani chakukhomako, mwina ndi ameneyo."

Anali yemweyo. Nsalu imene anamufunditsa inalekezera m'mawondo. Tsitsi lake linali litagwirana ndi mchenga ndi magazi ouma, ndipo kuchala chakuphazi anamumanga kapepala kolembedwa kuti wosadziwika.

Ine ndinayamba kulira, koma alamu sanalire. Anapempha beseni ndi madzi. Anapempha chipeso, wantchito uja anati mulibe, ndiye ndinatulutsa changa m'chikwama. Anagwada pasimenti yonyowayo, anaika mutu wa mlongo wawo pamiyendo, n'kuyamba kupesa pang'onopang'ono kuyambira kunsonga, monga mwini wake ankachitira ndi makasitomala kuti asamve kuwawa.

Maliro atatha, tinkaganiza kuti chimene chikuwaondetsa ndi chisoni cha mlongo wawo. Anasiya ulonda, ankangokhala kuseri kwa nyumba. Kenako anandiuza zoona zake.

"Mlongo wanga sandivutitsa, mlamu. Uja tinamutenga, tinamuika bwino. Amene sakundichoka ndi bambo aja anagona pambali pake. Munawaona? Aimvi, kukamwa kuli yasa, nsapato imodzi kuphazi. Ndikamayenda mumsika ndimaona phazi lopanda nsapatolo pansi pa benchi. Ndikati ndidye, ndimaona kukamwa kuja. Palibe anawatseka pakamwa."

Anabwerera kumochale kukafunsa za bambowo. Anauzidwa kuti abale sanabwere, ndipo galimoto ya khonsolo inawatenga pamodzi ndi ena osadziwika n'kukawaika m'dzenje limodzi. Kuyambira pamenepo anayamba kupitako kawirikawiri, kukhala pabenchi ya panja, kuthandiza kunyamula machira. Wantchito mmodzi atapuma pantchito, malo ake sanalimbiranidwe. A Ndasiya anakapempha, ndipo anawalemba.

Kunyumba kunabuka moto. Achemwali anawapatulira mbale yawoyawo, kapu yawoyawo ndi beseni losambira lawolawo. Ana ankachokera kusukulu akulira kuti anzawo akuti akununkha maliro. Aneba amene kale ankawagwira chanza anayamba kupereka moni manja ali m'thumba. Mnzawo wina woyendetsa takisi ankawaseka kuti, "Tsopano mwapeza makasitomala osadandaula." Iwo ankaseka nawo pang'ono.

"Ntchito zonse zili padziko pano, mwasankha imeneyi?" achemwali anawafunsa ine ndilipo. "Manja omwewo muzigwira nawo ana anga?"

"Ndimasamba, mayi a ana. Ndimavalanso magolovesi."

"Sindikunena za sopo ine."

Achemwali anatenga ana n'kudzakhala kwa ine kanthawi ndithu. Anabwerera chifukwa nyumba yanga ndi yaing'ono, osati chifukwa mtima unali utatsika.

Za kagwiridwe kawo ka ntchito ndinkazimva kwa anthu. Ankati a Ndasiya amagogoda chitseko asanalowe m'chipinda cha mafiriji, ndipo amapereka moni. Anagula zipeso, malezala ndi mafuta odzola, n'kuziika m'kabokosi pashelefu. Salola wachibale kuona mtembo asanausambitse kumaso, kuutseka maso ndi kumanga chibwano. Osadziwika sawatchula ndi nambala, amati achimwene a jekete lofiira, amayi a chipsera pamphumi. Tsiku limene galimoto ya khonsolo yabwera kudzatenga osadziwikawo, amavala malaya oyera n'kukwera kumbuyo, kuti pamanda pakhale munthu mmodzi woimirira atavula chipewa. Ena ankati mutu wawo wasokonekera. Koma zaka zinadutsa, ndipo ananenepako pang'ono, zimene sizinachitikepo pantchito ina iliyonse.

Amayi athu atamwalira m'chipatala chomwecho, achemwali anakana kuti amuna awo awakhudze. Koma tsikulo amene analipo pantchito anali iwo okha. Tinadikira pabenchi ya panja. Chitseko chinali chosatsekedwa bwino, ndiye tinkamva mawu awo mkatimo pamodzi ndi phokoso la madzi m'beseni.

"Pepani amayi, madziwa ngozizira, ketulo yafa. Nditukuleko mutu pang'ono. Eya, choncho. Ana anu abwera, ali panjapa onse awiri. Musawadere nkhawa, ndiwaitana mukakonzeka."

Achemwali anandigwira dzanja mwamphamvu mpaka zikhadabo zinandilowa. Titalowa, tinapeza amayi atagona pa nsalu yoyera, nkhope yodzola mafuta, mpango atawamanga mopendekera kumanzere monga ankamangira eni ake. Masabata onse a m'wodi aja, machubu ndi kubuula, zinali zitachoka pankhope pawo. Achemwali anayang'ana amayi nthawi yaitali, kenako anayang'ana manja a amuna awo. Titabwerako kumaliro, mbale yopatula ija inabwerera pakati pa zinzake.

Sindinganame kuti ntchitoyi inawachiritsa. Bambo a nsapato imodzi aja sanachoke, ndipo anabwera ndi anzawo. Masana a tsiku lopuma alamu amatha kusiya nkhani pakati n'kuyang'ana pakona ya chipinda, milomo ikuyenda. Achemwali anazolowera, amangowaikira tiyi pafupi n'kutuluka. Alamuwo ndinawafunsapo ngati amaopa.

"Kuopa ayi. Sabwera ndi mkwiyo. Amangoima, ngati anthu odikira basi. Amene abale awo anawatenga sabwera. Amabwera ndi bambo aja ndi okhawo amene ndinawaperekeza ndekha."

"Nanga ntchitoyi imakusangalatsani?"

Anaganiza kaye. "Kusangalala sindikudziwa, mlamu. Koma m'mawa miyendo imapita yokha. Ndikapanda kupita, ndimadziwa kuti pali wina amene agone chibwano chosamanga."

Tsopano imvi zawayera mutu wonse ndipo msana wayamba kuwavuta ponyamula machira. Mwezi wathawu apolisi anabweretsa mtsikana amene anamupeza m'ngalande mvula itagwa usiku wonse. Anavala siketi yobiriwira ndi nsapato zapulasitiki, ndipo m'thumba munali chingwe cholumphira. Palibe amene wabwera kudzamufunsa. Galimoto ya khonsolo itafika, alamu anachonderera akuluakulu a chipatala kuti mwanayo atsale kaye, ndipo anawalola mpaka ulendo wotsatira.

Ndiye masiku awo opuma sakhalanso pakhomo. Amayenda m'misika, m'madepoti ndi pamageti a sukulu, kufunsa ogulitsa ndi alonda ngati amvapo za banja limene likufuna mwana. Loweruka lapitali ndinawapeza pamzere wa ogulitsa tomato, chipewa chili m'manja, akufotokozera mayi wina kutalika kwa mtsikanayo ndi dzanja, cha pachifuwa pawo. Mayiyo anapukusa mutu. Alamu anathokoza, anavala chipewa, n'kupita pabenchi yotsatira.