Udzu wa pa Kalizya

Mukafika kwa Magodi n'kufunsa a Danwell Mtonga, musataye nthawi kuwafunira pakhomo. Pakhomopo mupeza mpando wawo wokha, nkhuku itadzikhalirapo. Bambo ameneyu sadziwana ndi mpando. Tiyi amamwa chiimire, pamaliro amathamangira kumanda kukakumba nawo m'malo mokhala pasiwa, ndipo akazi awo a Olipa anasiya kalekale kuwauza zopuma.

Zaka makumi awiri za moyo wawo anazithera pa makala. Anali katswiri, zimenezo tisawamane. Uvuni wawo sunkapserera, ndipo ankamanga matumba atatu panjinga, m'mamawa ulendo wa ku msika wa Lundazi, dzuwa lisanapendeke ali kale m'phiri ndi nkhwangwa. Ana awo anayi anaphunzira ndi mitengo ya mombo ndi mtondo ya m'phiri la pamwamba pa damu la Kalizya. Pamene womaliza ankamaliza sukulu, phirilo linali zitsa zokhazokha.

Damu la Kalizya si lalikulu, mukhoza kulizungulira musanathe mzimbe umodzi. Koma midzi isanu imadya pamenepo. Kumunsi kwake kuli madimba a tomato ndi repu, ng'ombe zimamwa pomwepo chilimwe chonse, ndipo milamba ya m'menemo yapulumutsa mabanja ambiri ku ndiwo zamasamba. Chaka china mu Seputembala madzi anaphwa n'kutsala matope, ng'ombe ya munthu n'kutitimiramo mpaka m'mimba. A Danwell, monga mwa nthawi zonse, anali woyamba kulumphiramo ndi chingwe. Atatuluka anadziyang'ana m'miyendo. Matopewo anali dothi lofiira la kuphiri, losakanikirana ndi timakala takuda. Anawazindikira makalawo. Mvula inkakokolola malo a mauvuni awo n'kumakwirira damu chaka ndi chaka, iwo ali kalikiliki kupalasa njinga. Anachita manyazi kwambiri, ndipo kuyambira tsiku limenelo sanawotchenso uvuni.

Midzi isanu ija itapanga komiti yoteteza phiri ndi damu, ulonda anapatsa a Danwell, poti palibe kanjira ka m'phirimo kamene sankakadziwa. Anawapatsa wenzulo ndi majombo. Lamulo la komiti linali lalifupi: nkhwangwa ayi, uvuni ayi, kuti zitsa ziphukenso. Koma mukumudziwa munthu wotembenuka mtima atakula, amaposa amene anamulalikira. A Danwell anawonjezapo malamulo awoawo. Chikwakwa ayi. Ng'ombe ayi. Moto, ngakhale wa ndudu, ayi.

Apa ndi pamene panali vuto. Kuyambira kale, anthu akakolola chimanga, amayi ankakwera m'phirimo mu Juni kukamweta udzu wofolerera nyumba ndi zigafa za fodya. Kenako ng'ombe zinkadya wotsala. Pomaliza abambo ankatentha tchire kukadali kozizira, udzu usanaumitsitse, moto wake wongokwawa pansi osafika n'komwe m'masamba a mitengo. Pofika Okutobala, mwezi wa moto wolusa, m'phirimo munalibe choti chiyake. Palibe amene ankazitcha kuteteza nkhalango. Zinkangochitika.

Woyamba kugundana ndi lamulo latsopanoli anali Yunike, mng'ono wawo wa a Olipa, mayi wamasiye amene ankadalira kumweta udzu n'kumagulitsa kwa alimi a fodya. A Danwell anamupeza m'mawa wina atamanga kale mitolo iwiri, n'kuliza wenzulo ngati agwira gulu la mbava.

"Monire alamu," anatero Yunike osadzidzimuka n'komwe.

"Yewo. Manje ichi n'chani?"

"Ni udzu, alamu. Udzu si mtengo."

"Chilichonse chili mu phili muno ni cha phili. Siyani pamene apo, muziyenda."

Yunike anapukuta thukuta ndi nsonga ya chitenje. "Nanga udzu uyu musungila ndani? Ine niona musungila moto."

"Ine nilipo. Moto siuzangena muno."

Anamulanda mitolo ija n'kuimwaza. Nkhaniyo inafika m'midzi yonse tsiku lomwelo: ngati wachita zotere kwa mlamu wake, ife ndiye ndani? Amayi anayamba kukamweta kutali, kudambo la maola awiri, ndipo moni wa a Danwell ankamuyankha ndi kukhosi.

Tinene zoona, phirilo linabwerera. Chaka chachiwiri mphukira zinafika m'chiuno, chachitatu zinapitirira mutu wa munthu. Bowa anayamba kumera, njuchi zinabwera, ndipo madzi olowa m'damu anasiya kufiira. A Danwell ankaidziwa mitengo ija ngati mbuzi za m'khola mwawo. Kwa iwo inali mitengo yomwe ija anaidula, ikuwapatsa mwayi wachiwiri, ndipo ankaopa kuitayanso kuposa chilichonse.

Mukanayesa kuti apa mtima ukhala pansi, koma ndiye zinanyanya. Udzu wosamweta uja unkauma n'kugwa, wina kumera pamwamba pake, nawonso kugwa. Poyenda mwendo unkalowa mpaka m'bondo. A Danwell ankauona, si kuti anali akhungu. Mawu a Yunike ankawabwerera, iwo n'kumawathamangitsa ndi ntchito. Analambula okha ndi khasu kamsewu kotchinga moto kuzungulira phiri lonse, milungu isanu, kamsewu kake kongokwana njinga. Chilimwe chikafika ankazungulira phirilo kawiri patsiku. Utsi uliwonse, ngakhale wa munthu wowotcha njerwa kutsidya, unkawadumphitsa. Anaonda, majombo anang'ambika, ndipo pakudya ankangoti kawiri katatu, maso ali kuphiri. A Olipa atawauza kuti apemphe komiti itenthe tchire mu Juni monga kale, anayankha kuti iwo anawotcha zokwanira pa moyo wawo.

Moto unabwera mu Okutobala wa chaka chachinayi, Lachinayi masana, dzuwa lili paliwombo. Ena amati anali osaka mbewa, ena amati ndudu ya wodutsa, ndipo mpaka lero sizidziwika. Unayambira m'munda wa kuzambwe, mphepo ili kumbuyo kwake. Kamsewu ka milungu isanu kaja moto unangokalumpha ngati kulibe. A Danwell analiza wenzulo mpaka milomo kuuma, ndipo anthu anabwera, ngakhale aja ankawayankha ndi kukhosi. Anabwera ndi nthambi zaziwisi, ena ndi ndowa za m'madimba. Koma moto wa udzu wa zaka zinayi suthimitsidwa ndi nthambi. Malawi ankapitirira nsonga za mitengo, kutentha kwake osayandikirika. A Danwell analowa pakati mpaka nsidze kupserera, ndipo anachita kuwakoka amuna awiri. Pasanathe maola awiri phiri linali lakuda bii.

Kutacha a Danwell anakwera phirilo okha. Phulusa linali lofunda, timitengo tili chiimire ngati mapesi opserera. Ankadziwa kuti mizu ina idzaphukanso, koma zaka zinayi zinali zitapita, ndipo mvula inali pafupi. Dothi lonselo, lopanda chofunda, linali paulendo wa kudamu. Analira, munthu wamkulu, akuyenda. Kuima sakanatha.

Atazungulira kuseri kwa miyala ya kum'mawa, kumene kuli kachigwa kobisika, anaona zobiriwira. Mitengo yathunthu, masamba ali gwa, yongowauka pang'ono m'mphepete. Moto unafika pamenepo n'kufa wokha. Anatsika mothamanga, nawerenga mitengo mazana atatu ndi makumi anayi. Kenako anayang'ana pansi. Panalibe udzu wakugwa uja. Panali ziputu zazifupi, zodulidwa mwaukhondo ndi chikwakwa, zina za chaka chino, zina zakale.

Mukudziwa chimene chinayamba kuwagwira? Mkwiyo. Anthu akhala akuba udzu m'phiri mwawo, iwo akuzungulira kawiri patsiku! Anatsika phiri akufuka, phulusa lili m'mutu, mpaka kunyumba. Anapeza a Olipa ndi Yunike pakhonde akuswa mtedza.

"Kuseli kwa miyala kuja, ndani amamweta?"

Amayi awiriwo anayang'anana. Yunike anaponya makoko m'lichero. "Ndise, alamu."

"Imwe na ndani?"

"Tilimo ambili. Azimai a midzi yonse."

"Liti? Ine nimapitako tsiku na tsiku!"

"Mumapita pamwamba pa miyala, maso ali ku utsi. Pansi simuyang'ana. Ndipo pa Sondo muli ku chalichi."

Zinali zoona. Lamulungu a Danwell ndiwo ankaliza belu ndi kukhazika anthu m'mabenchi, maola atatu okhawo pamlungu amene phiri linkapuma. Amayiwo ankasinthana, atatu mlungu uno, atatu mlungu winawo, aliyense mutu ukumuwawa pa tsiku lake kuti asapite kutchalitchi. Chaka chilichonse, Juni ndi Julayi.

A Danwell anatembenukira kwa akazi awo. "NyaZimba, imwe munali kudziwa?"

A Olipa sanasiye kuswa mtedza. "A Mtonga, yang'anani kumwamba."

Anayang'ana. Denga la khondelo linali la udzu wabwino, wautali, wofoleredwa mothithikana.

"Nyumba iyi yafoleledwa kawili, khichini kamodzi. Munali kuganiza udzu uchoka kuti? Ine na miyendo iyi ningafike ku dambo kuja? Mutu wanga unali kuwawa pa Sondo yachitatu."

Mkwiyo uja unaphwa, panatsala manyazi okhaokha. Zaka zinayi za wenzulo, za majombo, za kusadya, zinasunga phulusa. Chimene chinatsala m'phirimo chinapulumutsidwa ndi anthu amene iwo ankawathamangitsa, pamodzi ndi mayi amene ankawaphikira. Anayenda mpaka pankhokwe, kubwerera, kupitanso. Amayiwo anangowasiya, mtedza ukulira m'lichero.

Ulendo wachitatu anaima patsogolo pa Yunike, mawu atachepa.

"Alamu, Juni ikafika, udzu ukamela, mungabwele angati?"

"Tonse. Na ng'ombe zibwele pambuyo pathu, na moto wa mu Juni muyatse ndimwe."

"Nizayatsa," anatero a Danwell.

"Koma pa Sondo yayi," anatero Yunike akukutumula chitenje. "Tibwele masana pa Mande, muzitiona. Zaka zitatu tajomba ku chalichi chifukwa cha mitengo yanu."