Ozias Wotema Mitengo ya Mfumu

Ozias Kettell anabadwira m'nkhalango za New Hampshire, ndipo nkhwangwa anaidziwa asanadziwe nsapato. Koma ntchito imene anaipeza atakula inali yodanitsa. Paini aliyense wonenepa, ngakhale womera m'munda mwako, ankati ndi wa mfumu ya ku Mangalande, wopangira milongoti ya zombo zake zankhondo. Mfumu yoti sinapondeko n'komwe kuno! Ozias ndiye ankatsogolera bwana wa boma n'kumatema mitengoyo katatu, chizindikiro chonga phazi la khwangwala. Ukagwetsa mtengo wotemedwa, macheka ako ankalandidwa, iwe kundende. Anthu anasiya kumupatsa moni, kutchalitchi benchi yonse inkakhala yake yekha.

Chimene anatsala nacho padziko ndi mwana wake Keziah, wokwatiwa ndi Jabez Thrall, mwini malo ochekera matabwa a kumtsinje. Banja limenelo ankalisamala kuposa diso lake.

Mu 1772, chipale chofewa cha nyengo yozizira chikusungunuka, bwana wa boma uja, Pennock, analowa m'nyumba ya Keziah osaodira, Ozias ali pambuyo. Jabez kunalibe. Bwanayo anayang'ana pansi. Matabwa oyala pansipo, mayo ine, otakata ngati chitseko! Matabwa otere ankangochokera m'paini wonenepa, ndipo anthu ankawayala dala pofuna kunyoza mfumu.

"Achokera mumtengo wa yani awa?" anafunsa bwanayo.

"Ndi akalekale awa, bwana," anatero Ozias. "A malemu bambo anga. Ndinawapatsa ndine anawa paukwati."

Bodza la masanasana, utomoni ukununkhabe! Mwayi wake bwanayo anali ndi chimfine. Anatuluka n'kukalanda zipika za anthu ena kumtsinje, kenako anakagona kunyumba ya alendo.

Kutacha, amuna makumi awiri anathyola chitseko cha nyumba ya alendoyo, nkhope zopakidwa mwaye kuti asadziwike. Bwana Pennock anam'tukula m'malere, chafufumimba, anayi atagwira manja ndi miyendo, n'kumam'kwapula ndodo imodzi pa chipika chilichonse chimene analanda. Mahatchi ake anawadula makutu, magazi chuchuchu pachipale. Amunawo anapeza Ozias kukhola.

"Galu wa mfumu uyu apa! Lero utema chiyani, mdala?"

Anam'gwetsera m'matope, n'kumuponda m'nthiti mpaka china chake chinathyoka. Ndodo zinathera pamsana pake. Wina anam'ng'ambira malaya, anasolola mpeni n'kumucheka katatu pakati pa mapewa.

"Nawenso ndiwe wa mfumu tsopano!" anakuwa enawo akuseka.

Wochekayo anangotsamira dzanja pansi, pafupi ndi nkhope ya Ozias. Dzanjalo linalibe chala chachikulu. Macheka anachidya kalekale, ndipo mudzi wonse dzanja lotero linali limodzi lokha, la Jabez. Mpeni sunam'pweteke Ozias ngati mmene linam'pwetekera dzanjalo.

Msana umenewo sunawongokenso. Nkhondo yolimbana ndi mfumu itayamba patatha zaka zitatu, iye anali wongokhala pakhomo, nkhwangwa itam'kanika. Koma tsiku lomenyedwalo anam'tengera kwa Keziah pangolo ya ng'ombe. Keziah ankatsuka mabalawo akulira, Jabez atanyamula beseni, nkhope yosamba bwino.

"Ndani, bambo? Tchulani dzina, ndikam'nenere ndekha kukhoti, akam'pachike ndikuona!" Anatembenukira kwa mwamuna wake. "Mukudziwa inu? Dzulo bwana uja analowa muno. Akanapanda kunama bambowa za matabwa awa, bwenzi muli m'maunyolo."

Madzi a m'beseni anayamba kukhavukira pansi.

Dzina linali pamlomo pa Ozias, ndipo mkwiyo unkam'uza kuti alilavule. Anayang'ana mimba ya mwana wake, ya miyezi isanu ndi iwiri.

"Onse anali bii, mwanangu. Sindinazindikire ndi mmodzi yemwe. Kanditengere nsalu ina, iyi yadzaza magazi."

Keziah atatuluka, Ozias anadzutsa mutu movutika.

"Apongozi," ananong'ona, "pukutani kuseri kwa khutu lamanzere asanabwere. Kwatsala mwaye."