Mpope wa Bambo Kasdi

Sikisi koloko m'mawa inakwana mayi Warsini atayamba kale kugogoda machubu. Ogula zakutha a mumzinda wa Semarang sanyamula chubu cha wailesi yakanema chisanalowe mpweya, poti chimaphulika m'galimoto. Choncho mayiwo ankafunditsa chilichonse chiguduli, n'kuthyola kansonga kakukhosi ndi kanyundo. Chubu chinkapuma kamodzi, fwii, basi.

Malo okonzera machubuwa anayambitsa ndi apongozi awo, kenaka anatsalira amuna awo, bambo Kasdi. Ankadula khosi la chubu chakufa, kulumikiza latsopano pamoto, n'kupopa mpweya wonse mpaka chithunzi chibwerere. Pachikwangwani panali dzina la abambowo. Kutsuka magalasi, kusesa zidutswa, kudikirira uvuni wa machubu kwinaku mpunga uli pamoto, zinali za mayi Warsini, ndipo panalibe amene ankazitcha ntchito.

Anthu anasamukira ku makanema opyapyala. Kenaka bambo Kasdi anafa ziwalo mbali imodzi, nagonekedwa m'chipinda chapamwamba. Sankadziwa kuti kasitomala womaliza anabwera mvula yathayi isanayambe. M'mawa uliwonse mayi Warsini ankayatsa mpope wopopera mpweya uja popanda chubu, kuti phokoso likwere masitepe. Abambowo akalimva ndiye ankalola kudya phala.

Lero mpopewo unkapita pamodzi ndi machubu. Mwini nyumba anali atapereka chipinda chapansi kwa wogulitsa mafoni.

Galimoto ya ogula zakutha itachoka, kunamveka kugogoda kwa ndodo ya bambo Kasdi kumwamba. Mayi Warsini sanakwere. Anatulukira kuseri kwa mayi Lastri, mnansi wawo wopala kokonati pamakina.

“Achemwali, mwayera fumbi ngati keke wapamsika,” anatero mayi Lastri. “Madala aja mwawauza?”

“Ndikawauza asiya kudya.”

“Nanga muwanamiza mpaka liti? Chafa ndi mwendo, makutu ali bwino.”

“Makutuwo ndiye ndadzera.” Mayi Warsini anayang'ana makina a kokonati aja, akuda ndi mafuta. “Tayatsani ndimve.”

Makina analira. Sanafanane kwenikweni: mpope unkaguguda pansipansi, awa ankalira mokwera. Ndodo ija inagogodanso, kawiri.

“Azindikira,” anatero mayi Lastri motsitsa mawu.

“Mwina mawa. Lero sanadye.” Mayi Warsini anapukuta manja pansalu yawo. “Asunthireni kukhoma kwathu kuno, muwafunditse thumba. Muziyatsa ndikamakwera ndi phala, ngakhale palibe wogula. Kusesa makoko ndi kutsuka mabeseni mundisiyire ine.”