Tadikirani ndi chitseko cha nkhuku

Mkamwini wanga timamutchula Tadikirani. Si dzina la makolo ayi. Chikwatirireni mwana wanga, mawu amene amatha kuwamaliza pakhomo pake ndi amenewo basi. Akangoti "Ndimati...", mkazi wake wamudula kale mawu. Mwanayo anatengera mayi ake, ine ndilibemo.

Ntchito yake ndi yolemba malamulo m'tizipangizo tamagetsi tangati chikhadabo. Pofuna ulemu kwa apongozi ake aakazi, anawapangira chitseko cha khola chodzitseka chokha. Nkhuku ikadutsa pakhomo, kadiso kamagetsi kamadula kachipangizo mawu: "Siya zonse, yalowa ina!" Iko kamawonjezera imodzi, n'kubwerera ku ntchito yake yoona ngati zakwana zonse 300. Zikakwana, chitseko gwa!

Akazi anga anayamba kumuikira nthuli yaikulu, imene kale inali yanga.

Tsiku lina madzulo chitseko chinatseka nkhuku zambirimbiri zili panja, galu wa aneba akunyambita milomo kumpanda.

"Akamwini," anatero akazi anga, "chitseko chanuchi chinalekezera kalasi yanji?"

"Tadikirani, amayi..."

"Adikire ndani? Galuyo?"

Tinazilowetsa pamanja, ine ndikulamula ndili pampando. Nthuli inabwerera kwa mwini wake.

M'mawa ndinamupeza mkamwini m'khola, laputopu pamwendo, zitosi m'nsapato. Poti ine sindidula anthu mawu, anandifotokozera. Kachipangizoko n'kochepa kukamwa: nambala yaikulu kamaiwerenga pawiri, theka lam'munsi kenako lam'mwamba. Kanatenga theka loyamba zili 255, nkhuku ina n'kudutsa pomwepo, theka lachiwiri n'kukhala la 256. Polumikiza kanapeza 511.

"Ndiye kanaona kuti zakwana mpaka zaswana," ndinatero.

"Mankhwala ake, bambo, wodula mawuyo auzidwe adikire. Ukawerenga matheka onse awiri, umutsegulire msanga. Ukachedwa, nkhuku zidutsa zosawerengedwa."

Anawonjezera mizere iwiri yokha ya malamulo. Madzulo tonse tinali pakhola, akazi anga manja m'chiuno, galu naye wafika. Zinalowa, zinalowa, chitseko chili phee. Yomaliza, ina yotsimphina, itangolowetsa mchira, gwa!

Mkamwini anatembenuka. "Amayi, ndimati ndifotokoze..."

Akazi anga chete. Mwana wanga chete. Munthu wosazolowera msewu wopanda magalimoto, anangoima kukamwa kuli yasa.

"Tikumva, akamwini. Pitirizani," anatero akazi anga.

"Tadikirani," anatero.

Pa chakudya nthuli inandidutsa pamphuno, ulendo wa m'mbale yake. Panopa ndikumunyengerera kuti andipangire kachitseko pamphika wa ndiwo.