Nesi wa Makoswe

Kachitatu konse dzina la mayi wina silinatuluke pa mayeso olowera sukulu ya unamwino. Atasowa pogwira, anavomera ntchito imene ena onse anaikana: kukolopa ndi kutaya utuchi wonunkha mkodzo m'chipinda cha makoswe oyera, ku labotale ina ya kafukufuku.

Azakhali ake atamva anaomba m'manja. "Unkalirira unamwinotu, si uwu waupeza? Nesi wa makoswe!" Dzinalo linamukakamira ngati nkhupakupa.

Inu amene mwatopa ndi kusekedwa, tamverani.

Mkulu wake wa mayiyu anamwalira atangobereka kumene. Mabakiteriya analowa m'magazi, ndipo pomwe madokotala ankazindikira, impso zinali zitaleka kale kugwira ntchito. Ku labotaleko ankafufuza matenda omwewo. Ankabaya makoswe mabakiteriya, n'kudikira maola khumi ndi awiri, kenako n'kutenga magazi kuti aone zizindikiro zoti thupi layamba kutupa mkati. Pofika nthawi imeneyo, makoswe ambiri ankakhala atatsala madzi amodzi.

Koma Nesi ankaona zina. Pakangotha maola atatu, khoswe wodwala ankasiya kuunjika timapepala ta chisa chake, ubweya n'kuimirira, n'kukakhala pakona ngati namfedwa.

"Bwana, bwanji osatenga magazi nthawi imeneyo?" Nesi anamufunsa mkulu wa kafukufukuyo.

"Mayi, tsache lija lathyoka?" anayankha bwanayo, maso ali pa kompyuta.

Nesi anafunsanso sabata yotsatira. Bwanayo anamuuza kuti alembe kalata. Analemba. Patapita masiku anaipeza kalatayo patebulo, ataikapo kapu ya tiyi. Abale, pali anthu ophunzira amene makutu awo ndi okolekera magalasi basi!

Miyezi isanu ndi itatu ankalemba m'kope: nambala ya khoswe, ola limene wasiya chisa, ola limene wafa. Tsiku lina zinamukwana. Analowa mumsonkhano wa ofufuza, ndowa ili m'manja, n'kuponya kope lija patebulo.

"Ndatopa nanu, bwana. Makoswewa akukuuzani m'mawa kuti adwala, inu mukudikira maliro. Achemwali anga anapita chifukwa cha kudikira komweku. Yesani kamodzi kokha. Ngati ndikunama, mundichotse ntchito."

Bwana anapukusa mutu. "Tengani magaziwo, mwina mayiwa atipatsako mtendere."

Mwa makoswe makumi awiri, khumi ndi asanu ndi awiri anali nazo kale zizindikirozo pa ola lachitatu. Bwana sanakhulupirire. Anabwereza. Anabwerezanso. Lipoti litatuluka, dzina la mayiyu linali kumapeto kwenikweni, komanso atalilakwitsa. Mayiyu anapita kukagogoda kwa bwana mpaka analikonza.

Kenako mayiyu anayamba sukulu ya zoyezayeza za m'labotale, ya Loweruka lokhalokha. Phunziro limodzi analakwa, anatukwana chamumtima, n'kulibwereza. Zinamutengera zaka zisanu ndi chimodzi.

Lero ndiye akutsogolera gulu lofufuza ngati zizindikiro zomwezo zingaoneke msanga m'magazi a anthu, dokotala asanachedwe. Yankho silinapezeke, ndipo m'misonkhano amakalipabe.

Ndiye musandiuze kuti mwatopa. Nayenso anatopa, ndipo sanabise. Nyinyirikani, kwiyani, menyani tebulo ngati n'kofunika, koma mawa mudzuke mukagogodenso. Mtima wokhawo musautaye.