Getsi la pakhomo pathu

Getsi analiimika pakhomo pathu penipeni, kumalaini a pa esiteti, chaka chimene mbava zinatha nkhuku ndi njinga za anthu. Pansi pake anaikapo mlonda ndi kampando kake. Amayi anzanga othyola tiyi analulutira. Inenso ndinalulutira, nanga ndikanatani?

Koma ine mdima ndinkaufuna. Amuna anga, kapitawo wa m'munda, anali ndi dzanja lofulumira, ndipo nyumba ya kampaniyo inalembedwa m'dzina lawo. Kwathu ku Thekerani akanakhala mkamwini, amalume akanawaonetsa msewu tsiku lomwelo. Kuno mlendo ndinali ine. Ndinali nditamanga kale kamtolo, zitenje ziwiri ndi khadi la mwana la kusikelo, n'kubisa m'dengu lothyolera tiyi. Ndinkangodikira mwezi ulowe mumdima kuti ndidule m'tiyimo, mwana ali kumsana.

Mwezi unalowadi mumdima, koma getsi silidziwa mwezi. Mlonda uja anali mnzawo wa bawo wa amuna anga. Ndikangotsegula chitseko, kaya ndi kukataya madzi, mawu ankabwera: "Mayi, ulendo wakuti usiku uno?" Pofika m'mawa nkhani yafika kale kwa eni ake. Getsi lija ndinkalida ndi mtima wanga wonse. Chiyembekezo changa chinatsalira pa kawindo ka kuseri, koyang'ana kutiyi, kamene amuna anga anakakhomerera ndi misomali. Ndinkazula umodziumodzi ndi mpeni, iwo akapita kumowa.

Patapita miyezi kunabwera bambo wina wa ku ofesi ndi pepala, kudzafunsa khomo ndi khomo ngati getsi lathandiza. Pathu anaima pakhonde. Amuna anga anaima kumbuyo kwanga, dzanja lili paphewa langa. Ine ndinali nditakokera duku pa diso lotupa.

"Nkhuku zabedwanso?" anafunsa bamboyo.

"Ayi, bwana."

"Njinga?"

"Ayi."

"Ndiye mayi, chiikireni getsili mukugona mwamtendere?"

Dzanja lija linafinya pang'ono. "Eya, bwana," ndinatero.

Anachonga papepala, akumwetulira ngati wakolola dzinthu. Sanali munthu woipa, koma pepala lake linkangofunsa za panja.

"Aliyense akuyamikira," anatero potsanzika. "Sabata yamawa tiika lina kuseri kwa nyumbazi, cha kutiyiko, kuti musamaopenso."

Pa kawindo paja panali patatsala misomali iwiri.